Lipoti: Imelo ya Lachinayi Usiku Yomwe Inkaoneka Ngati ya Lachisanu M'mawa

Chomwe anandiitanira

Kampani ina yaing'ono yonyamula katundu kuchokera kuno ku Johannesburg kupita ku Blantyre ndi Lilongwe inandipempha kuti ndiyankhe funso limodzi lokha: imelo ya kasitomala wawo wa ku Limbe inafika liti? Eni kampaniyo ndi Amalawi anzathu ndipo ofesi yawo ili chakumwera kwa tauni, kufupi ndi City Deep. Sinditchula dzina lawo ngakhale la kasitomalayo, chifukwa pomwe ndinkalowererapo nkhani inali kale m'manja mwa maloya.

Kasitomalayo ndi mayi wogulitsa matailosi ndi zipangizo za m'bafa. Anaoda katundu kwa ogulitsa a kuno, ndipo kampaniyi ndiyo inkayenera kumunyamula. Mayiwo akuti Lachinayi pa 9 Malichi 2023 usiku analemba imelo yoletsa kuti mapaleti ena asakwezedwe, popeza ogulitsa anali atasokoneza mtundu wa matailosi. Thiraki inanyamuka Lachisanu cha m'ma 6:30 m'mawa ili ndi mapaleti onse. Katundu atafika ku Limbe, mayiwo anakana kulipira ndalama yonyamulira mapaleti olakwikawo komanso msonkho umene kampani inawalipirira pa Mwanza. Kampani inaumirira kuti imeloyo inabwera thiraki itapita kale. Anakokanakokana mpaka chaka chinatha.

Mbali iliyonse inali ndi umboni wake. Mayi a ku Limbe anatumiza chithunzi cha foda ya Sent pa laputopu yawo, chikuonetsa 9 Malichi, 9:15 usiku. Mlongo amene amasunga mabuku a ndalama pa kampanipo amagwiritsa ntchito pulogalamu ya imelo yotchedwa Thunderbird, ndipo kwa iwo imelo yomweyo inkaonetsa 10 Malichi, 7:15 m'mawa. Abwana amagwiritsa ntchito Outlook, ndipo kwa iwo inkaonetsa 18 Novembala 2023, miyezi isanu ndi itatu thiraki itabwerako. Deti lachitatuli ndi lomwe linachititsa loya wa mayiwo kuyamba kunena kuti kampani yakhala ikuseweretsa maimelo.

"Achimwene, tangotiuzani amene akunama apa, kaya ndi ife kaya ndi mayiwa," anatero abwanawo pondipatsa mapasiwedi.

Zomwe ndinalandira

Mu Novembala 2023 kampani inasiya seva yakale ya imelo n'kupita kwa ena otsika mtengo. Amene anasamutsa maimelo ndi mwana wa mlongo wawo wa abwana, mnyamata wophunzira za makompyuta. Choncho panali zinthu zitatu: bokosi la imelo la pa seva yatsopano, mafayilo a mbox (osungiramo maimelo) amene mnyamatayo anakopera mu Thunderbird asanatseke seva yakale, ndi bakapu ya tar.gz yochokera mu cPanel (pulogalamu yoyendetsera seva) ya seva yakaleyo, imene inangokhala pa hard drive yakunja palibe amene anaitsegulapo. Bakapuyo inatengedwa mu Ogasiti 2023.

Ndisanatsegule chilichonse ndinawerengera SHA-256 ya fayilo iliyonse (nambala imene imasintha fayiloyo ikangosinthidwa) n'kulemba manambalawo pa pepala lomwe abwana anasainira. Ntchito yonse ndinagwirira pa makope. Ndinagwirizananso nawo kuti ndiziwerenga ma header okha (mizere ya pamwamba pa imelo yosonyeza wotumiza, nthawi ndi njira imene yadutsa), osati nkhani za m'kati, kupatula maimelo a pakati pa kampani ndi mayiwo. M'bokosimo munali manambala a mapasipoti a madalaivala ndi ma adiresi a makasitomala, ndipo lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu, POPIA, silisiya kampani chifukwa choti ndi yaing'ono.

Madeti amene imelo imakhala nawo

Anthu ambiri amaganiza kuti imelo ili ndi deti limodzi. Imakhala ndi angapo, olembedwa ndi makina osiyanasiyana, ndipo pulogalamu iliyonse imasankha lomwe ikuonetseni popanda kukuuzani kuti yasankha.

Loyamba ndi mzere wa Date. Umalembedwa ndi chipangizo cha wotumiza. Malamulo ake ali mu RFC 5322 ya 2008 (ma RFC ndi zikalata za malamulo a intaneti), imene inalowa m'malo mwa RFC 2822 ya 2001, nayonso inachokera ku RFC 822 ya 1982. Lamulolo limati Date ndi nthawi imene wolemba anasonyeza kuti uthenga watha ndipo ndi wokonzeka kutumizidwa. Silinena kuti ndi nthawi imene unachokadi pa kompyuta, ndipo silinena chilichonse za nthawi yofikira. Munthu akamalemba mu Outlook kapena Thunderbird ya pa laputopu, mzerewu umatengera wotchi ya laputopuyo ndi chigawo cha nthawi chomwe laputopuyo yaikidwamo. Wotchi ikalakwika, Date imalakwikanso, ndipo maseva a m'njira amangoipititsa momwemo.

Kenako pali mizere ya Received. Seva iliyonse imene imelo yadutsamo imaonjezera mzere wake pamwamba, ndi nthawi ya wotchi yake. N'chifukwa chake timawerenga kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Kwa abwana ndinangowauza kuti aganize za pasipoti ya dalaivala wawo: iye atha kulemba tsiku lililonse m'kabuku kake ka ulendo, koma chidindo cha pa Beitbridge, cha pa Nyamapanda ndi cha pa Mwanza anadinda ndi anthu ena, aliyense ndi wotchi yake. Apa anagwedeza mutu koyamba.

Deti lachitatu silili m'kati mwa imelo n'komwe. Seva ya IMAP (njira imene mapulogalamu amawerengera maimelo ali pa seva) imasunga payokha nthawi imene uthenga unalowa m'bokosi, ndipo RFC 3501 ya 2003 imaitchula kuti INTERNALDATE. Popeza siili m'kati mwa uthenga, mukasamutsa maimelo mosasamala imatsala m'mbuyo, seva yatsopano n'kuika yakeyake.

Pomaliza, malo osungira nawonso ali ndi deti lawo. Mu mbox maimelo onse amalumikizidwa mu fayilo imodzi yaitali, ndipo uthenga uliwonse umayamba ndi mzere wa "From " wopanda kholoni, wokhala ndi deti. Mu Maildir uthenga uliwonse ndi fayilo payokha, ndipo dzina la fayiloyo limayamba ndi chiwerengero cha masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970.

Mu Inbox, Outlook imaonetsa nthawi yolandirira, ndipo pa akaunti ya IMAP imatenga INTERNALDATE. Thunderbird imaonetsa mzere wa Date, itausintha kuti ugwirizane ndi nthawi ya kompyuta imene mukuwerengerapo. Ndi izi zokha zinali zoonekeratu kuti abwana ndi mlongo wa mabuku sankayang'ana chinthu chimodzi.

Imelo yeniyeniyo

Ndinaitenga mu bakapu ya seva yakale, osati mu mbox. Mizere yofunika inali iyi. Maina a maseva ndawabisa:

    Received: from mail.xxxx by mx.yyyy with ESMTPS;
        Thu, 09 Mar 2023 21:16:03 +0200
    Received: from LAPTOP by mail.xxxx with ESMTPSA;
        Thu, 09 Mar 2023 19:15:58 +0000
    Date: Thu, 9 Mar 2023 21:15:40 -0800

Tiyambe ndi Received wapansi. Seva ya mayiwo inalandira uthenga kuchokera ku laputopu pa 19:15:58 nthawi ya UTC, imene zigawo zonse za nthawi zimawerengedwa kuchokerapo. Malawi ndi South Africa onse ali maola awiri patsogolo pa UTC chaka chonse, palibe zosintha mawotchi, choncho imeneyi ndi 9:15 usiku ku Limbe ngakhale ku Johannesburg. Patapita masekondi asanu seva ya kampani inaulandira, ndipo inalemba 21:16:03 +0200. Maseva awiri a eni osiyana akugwirizana.

Tsopano mzere wa Date. Ola lake ndi 21:15:40, lomwe likufanana ndi zomwe mayiwo ankaona pa sikirini. Vuto lili kumapetoko, pa -0800. Manambala amenewa akunena kuti kumene uthenga walembedwa kuli maola asanu ndi atatu m'mbuyo mwa UTC, ndiye kuti nthawi ya ku California ndi Seattle m'nyengo yachisanu ya kumeneko. Thunderbird inakhulupirira zimenezi, monga momwe iyenera kuchitira. Inaonkhetsa maola asanu ndi atatu kuti ipeze UTC, n'kupeza 05:15 pa 10 Malichi, kenako inaonjeza awiri a kuno, n'kupeza 7:15 m'mawa Lachisanu. Mlongo wa mabuku atafika mu ofesi cha m'ma 8 koloko anaona imelo yolembedwa 07:15, thiraki inali itachoka 6:30, ndipo anauza abwana zomwe anaona.

Laputopu ya mayiwo inali yogwiritsidwapo kale ntchito, yoodedwa kunja, ndipo Windows yake inatsala pa Pacific Time. Wina ataona kuti wotchi ikunena zabodza anazimitsa zoti izidzikonza yokha n'kuika ola ndi dzanja. Pa sikirini zinaoneka bwino. Koma kompyuta simasunga ola la pa sikirinilo. Imasunga UTC n'kumachotsera kapena kuonjezera malinga ndi chigawo. Ola likamaoneka lolondola pa chigawo cholakwika, ndiye kuti UTC ya m'katimo yapita patsogolo ndi maola khumi. Foda ya Sent ya mayiwo inkaonetsa 9:15 usiku chifukwa laputopu yomweyo inkawerenga Date yake ndi chigawo chomwecho, cholakwa n'kumadzibisa chokha.

Loya wochenjera akanafunsa ngati zonsezi sizongokonza. Pa chifukwa chimenechi sindinakhutire ndi imelo imodzi. Ndinalemba kapulogalamu ka Python kowerenga maimelo onse ochokera kwa mayiwo, n'kumachotsera nthawi ya Received ya seva ya kampani ku nthawi ya Date. Kuyambira chakumapeto kwa 2022 mpaka sabata ya mkanganoyo, imelo iliyonse yochokera pa laputopu inali ndi -0800 ndipo inali patsogolo ndi maola khumi. Yochokera pa foni yawo inali ndi +0200 ndipo kusiyana kwake kunali kwa masekondi chabe, popeza foni imatenga nthawi ku netiweki.

Chomwe chinanditsimikizira kwambiri chinachitika patangopita masiku atatu. Ku America amapititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lachiwiri la Malichi, ndipo mu 2023 linali pa 12 Malichi. Maimelo a mayiwo a sabata yotsatira anasintha kukhala -0700, kusiyana kukadali maola khumi, kutanthauza kuti wotchi ya pa sikirini inali itathamanga ndi ola limodzi. Kenaka kusiyanako kunatsika kufika pa maola asanu ndi anayi, n'kukhala pomwepo miyezi yotsatira. Apa ndi pomwe wina anabwezanso wotchi ndi dzanja. Maloya atawafunsa, mayiwo anayankha kuti laputopu yawo imapenga kawiri pa chaka ndipo mwana wawo ndi amene amaikonza. Munthu wofuna kunamiza deti la imelo imodzi sangakhale pansi n'kumatsatira kalendala ya mawotchi a ku America kwa chaka chathunthu.

Panali umboni wina uwiri. Dzina la fayilo mu Maildir ya m'bakapu linkayamba ndi 1678389363, ndipo mukalipatsa lamulo la `date -u -d @1678389363` limabweza 19:16:03 UTC pa 9 Malichi 2023, kufanana ndendende ndi Received wapamwamba. Siginecha ya DKIM (chidindo chosonyeza kuti uthenga sunasinthidwe m'njira) imene seva ya mayiwo inaika inali ndi t=1678389359, masekondi anayi m'mbuyo. Kiyi yake inali ikadali mu DNS, kaundula wa maina a pa intaneti, ndipo siginechayo inatsimikizika, Date ili m'gulu la mizere yosainidwa. Izi zikutanthauza kuti palibe anakhudza mzerewo uthenga utachoka pa seva yawo. Sizikutanthauza kuti wotchi ya laputopu inali yolondola. DKIM imasainira chilichonse chomwe yapatsidwa.

Ndichifukwa chake ndinasankha kope la Maildir. Mu mbox, mzere uliwonse wa m'kati mwa uthenga woyamba ndi "From " umaikidwa chizindikiro cha > kutsogolo kuti usaoneke ngati chiyambi cha uthenga wina. Kasinthidwe kakang'ono ngati kameneko n'kokwanira kuphwanya siginecha, ndipo mukatero mumayamba kufotokozera maloya chifukwa chomwe umboni wanu ukulephera mayeso.

Nanga 18 Novembala?

Apa panalibe chovuta. Pa Outlook ya abwana, maimelo onse akale, kuyambira oyambirira enieni a kampani, ankaonetsa Loweruka pa 18 Novembala 2023, otalikirana ndi masekondi ochepa. Abwana sanazindikire chifukwa ankangofufuza dzina la mayiwo n'kutsegula imelo imodzi yomweyo.

Mnyamatayo anandionetsa kapulogalamu komwe anakwezera mbox pa seva yatsopano. Kanali ka Python, kogwiritsa ntchito `imaplib`, ndipo mzere wolakwika unali `append(foda, None, None, uthenga)`. None wachiwiriyo ndi malo a deti. Lamulo la APPEND mu IMAP limalola kuti mutchule nthawi imene uthenga unafika, ndipo mukapanda kutchula, seva imaika nthawi ya pompano. "Malume, ine ndinaona maimelo onse afika, ndiye ndinati zatheka," anatero. Ndipo anafikadi onse, palibe ngakhale umodzi unasowa. Iye ankayang'ana mu Thunderbird, momwe madeti ankaoneka abwinobwino chifukwa amachokera ku Date.

Vuto lomweli limachitikanso m'njira ina imene ndimakumana nayo kawirikawiri. Dovecot, pulogalamu ya seva ya IMAP, ikamasunga mu Maildir imatenga nthawi yomwe fayilo inasinthidwa komaliza ngati INTERNALDATE. Mukakopera mafoda ndi `cp -r` kapena `scp -r` popanda `-p`, mafayilo onse amalandira nthawi ya tsiku lokoperalo. `rsync -a` ndi `tar` amasunga nthawiyo.

Mzere wa "From " wa mu mbox sunathandize. RFC 4155 ya 2005 imati deti la pamzerewu lizikhala la UTC, koma mapulogalamu amalemba mosiyanasiyana ndipo nthawi zambiri salembapo chigawo. Mu mafayilo a mnyamatayo mizereyi inali ndi tsiku lomwe Thunderbird inakopera mauthengawo, lomwenso ndi la mu Novembala. Ndaonapo anthu akutenga deti limeneli n'kulipereka ngati nthawi yofikira chifukwa ndi loyamba kuoneka mukatsegula fayilo.

Kuonongeka kwa INTERNALDATE kunali ndi chotsatira china chomwe pa ofesipo ankachidandaula osadziwa gwero lake. Pofufuza mu IMAP, mawu a SINCE, BEFORE ndi ON amayang'ana INTERNALDATE, pomwe SENTSINCE, SENTBEFORE ndi SENTON amayang'ana Date. Pulogalamu ikafunsa seva za maimelo amene anafika mu Malichi 2023 m'njira yoyambayo, seva inkayankha kuti palibe. Abwana anali atayamba kukhulupirira kuti maimelo a chaka chonse anafufutika.

Zina zomwe zinatuluka m'nkhokwemo

Sizinali mbali ya mkangano, koma popeza ndinayenera kukonza bokosi lonse, ndinayenera kudziwa kuti Date ingadaliridwe pati.

Pulogalamu yakale yotumiza ma invoice inkalemba chigawo ndi zilembo: `Fri, 31 Mar 2023 23:30:00 CAT`. Kwa ife CAT ndi yodziwika, momwemonso SAST. Koma maina amene RFC 5322 imawadziwa ndi UT, GMT ndi a ku America okha, monga EST, CDT ndi PST. Dzina lina lililonse imati litengedwe ngati -0000, kutanthauza kuti chigawo sichikudziwika, pokhapokha pali njira ina yodziwira tanthauzo lake. Pulogalamu yowerenga ikatenga 23:30 ngati UTC n'kuonjeza maola awiri, invoice ya pa 31 Malichi imaoneka ya 1:30 m'bandakucha pa 1 Epulo. Kwa wosunga mabuku, umenewo ndi mwezi wina. Ma invoice a kumapeto kwa mwezi ankatuluka usiku choncho, ndipo mlongo uja ankangowabweza ndi dzanja pa Excel. Olemba mapulogalamu asamalenso apa: `parsedate_to_datetime` ya Python ikakumana ndi -0000 kapena dzina lomwe sikulidziwa imabweza nthawi yopanda chigawo, ndipo mukaiyerekeza ndi ina yokhala ndi chigawo pulogalamu imaima ndi TypeError. Bola imaima; zikanakhala zoipa ikanangopitiriza.

Makina a fotokope a mu ofesi, amene amatumiza masikani pa imelo, anali ndi batire ya wotchi yakufa. M'chaka cha 2023, pomwe load shedding inkafika stage 6, magetsi akangobwera makinawo ankayambiranso kuwerenga kuchokera pa deti la ku fakitale. Zikalata za pa boda zomwe anasikana zinkakagwera pansi penipeni pa mndandanda mu Thunderbird, kumene palibe ankayang'anako, ndipo ankasikananso kachiwiri poganiza kuti sizinapite.

Panalinso mauthenga ochepa ochokera ku kachipangizo kolondola mathiraki amene analibiretu mzere wa Date, ngakhale Date ndi From ndi mizere iwiri yokha yomwe RFC 5322 imaikakamiza. RFC 5256, yonena za kusanja maimelo pa seva, imati Date ikasowa kapena ikakanika kuwerengeka pagwiritsidwe ntchito INTERNALDATE. Si mapulogalamu onse amatero. Ya pa foni ya abwana inkaika ziro, ndipo ziro mu nthawi ya Unix ndi pakati pa usiku pa 1 Januwale 1970 UTC, yomwe kuno imaoneka 02:00. Mukaona 1970 ndi 2 koloko ya usiku pa imelo kuno ku Joni kapena kumudzi, dziwani kuti pulogalamu yalephera kupeza deti.

Chomaliza chinali mndandanda wa CSV womwe kampani inali itapereka kale kwa loya wake. Unatulutsidwa pa kompyuta yoikidwa kalembedwe ka ku America, mwezi patsogolo, choncho imelo ya mkanganoyo inalembedwa 3/10/2023. Loyayo anawerenga kuti 3 Okutobala. Mu lipoti langa madeti onse ndinalemba chaka choyamba, monga 2023-03-09 21:16:03 +0200, ndipo ndinapempha kuti mndandanda wakalewo uchotsedwe m'mafayilo a mlandu.

Zomwe ndinalemba mu lipoti la kwa maloya

Ndinalemba kuti uthenga unalowa mu seva ya kampani Lachinayi pa 9 Malichi 2023 nthawi ya 21:16:03, maola opitirira asanu ndi anayi thiraki isananyamuke. Ndinalemba kuti 7:15 ya Lachisanu inachokera ku chigawo cholakwika cha pa laputopu ya wotumiza, kuti 18 Novembala inachokera ku kusamutsa, ndipo kuti sindinapeze chizindikiro choti mbali iliyonse inasintha uthengawo.

Abwana sanasangalale nazo. "Ndiye mwatiluzitsa, achimwene?" Ndinawayankha kuti ntchito yanga inali nthawi yofikira, osati wolakwa. Lamulo la kuno, Electronic Communications and Transactions Act 25 ya 2002, mu gawo 23 limati uthenga umatengedwa kuti walandiridwa pomwe walowa wonse mu makina amene wolandirayo amagwiritsa ntchito ndipo angathe kuutsegula. Gawo 15 limati poyeza kulemera kwa umboni wotere khoti liyang'ane kudalirika kwa momwe uthenga unapangidwira, kusungidwira ndi kutumizidwira. Malawi nayo ili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo loti ligwire ntchito pa mgwirizano wawo ndi liti inali nkhani ya maloya. Kampani inali ndi mfundo yakeyake: katundu anamaliza kukweza ndi kumanga Lachinayi madzulo, ofesi inatsekedwa 5 koloko, ndipo mapepala a pa boda anali atalembedwa kale ndi mapaleti onse.

Loya wa mayiwo anafuna kuti ndinene nthawi imene imeloyo inatsegulidwa koyamba. Ndinakana. Dzina la fayilo linkathera ndi `:2,S`, ndipo S ameneyo amangonena kuti uthenga unawerengedwa. IMAP siisunga kuti unawerengedwa liti kapena ndi ndani. Zoterezi zimapezeka mu malogi a seva ngati alipo, ndipo a seva yakaleyo anapita pamodzi ndi akaunti.

Pa maganizo anga, chomwe chinaipitsa mkanganowu si chigawo cha laputopu koma chizolowezi chotenga chithunzi cha sikirini ngati umboni. Chithunzi chimaonetsa zotsatira za masamu amene pulogalamu yachita, osati manambala omwe inayambira. Mbali zonse zikanatumizirana uthenga wathunthu ngati fayilo ya .eml mwezi woyamba womwewo, -0800 akanaoneka. Mu Thunderbird mumadina Ctrl+U, mu Gmail mumasankha Show original, ndipo mu Outlook ya pa kompyuta ma header ali pansi pa File kenako Properties.

Anagwirizana kunja kwa khoti. Ndalama zake sanandiuze.

Kukonza

Bakapu ya Ogasiti ndinaimasula ndi `tar` pa seva yongoyembekezera ya Dovecot, ndinayang'ana maimelo angapo kuti INTERNALDATE ikufanana ndi Received wapamwamba, kenako ndinakwezera ku seva yatsopano ndi imapsync, imene imanyamula INTERNALDATE popanda kuiuza. Ndinakwezera m'mafoda atsopano, osati pamwamba pa akale, kuti bokosi lomwe maloya analiona likhalebe momwe linalili.

Imapsync ili ndi `--idatefromheader`, yomwe imatenga Date n'kuiika ngati nthawi yofikira. Ambiri akakumana ndi vuto ngati la 18 Novembala amathamangira imeneyi, ndipo pa bokosi lopanda mkangano ndi yokwanira. Pano sindinaigwiritse ntchito. Ikanachititsa kuti Outlook nayonso iyambe kunena 7:15 ya Lachisanu, masikani akanapita ku deti la ku fakitale, ndipo bodza la laputopu likanaoneka ngati latsimikizidwa ndi seva.

Maimelo a pakati pa Ogasiti ndi Novembala munalibe mu bakapu, anali mu mbox mokha. Kwa amenewa ndinakonza kapulogalamu ka mnyamata uja, tili limodzi, kuti kazifufuza mzere wa Received wolembedwa ndi seva yakale ya kampani, kutenga nthawi ya pambuyo pa semikholoni yomaliza, n'kuipereka kwa APPEND kudzera mu `Time2Internaldate`. Osangotenga Received woyamba kuoneka: mauthenga ena anali ndi mizere yoonjezera ya zosefera spam pamwamba. Za mu Sent zilibe Received, choncho kumeneko tinatenga Date, titatsimikiza kuti makompyuta a mu ofesi onse ali pa "(UTC+02:00) Harare, Pretoria". Omwe analibe zonse ziwiri tinawaika mu foda yapadera ndi kalata yofotokoza kuti deti lawo ndi la tsiku lokwezera.

Batire ya fotokope inasinthidwa ndipo makinawo tsopano amatenga nthawi pa intaneti kudzera mu NTP. Pulogalamu ya ma invoice imalemba +0200. Mu Thunderbird ya mlongo wa mabuku ndinayatsa `mailnews.display.date_senders_timezone`, kuti akatsegula uthenga aziona ola ndi chigawo monga wotumiza anazilembera. -0800 wochokera ku Limbe sangawadutsenso osamuona. Malangizo osinthira chigawo cha laputopu ndinawalemba m'Chichewa, ndipo anapita kwa mayiwo kudzera kwa loya wawo. Mafayilo oyambirira a mbox, bakapu ndi pepala la ma SHA-256 zili pa hard drive yosiyana yomwe abwana amasunga kunyumba, ndipo kampani inaonjeza mzere pa ma quotation ake woti kusintha kulikonse kwa katundu pa tsiku lokweza kuzichitika poimba foni kwa woyang'anira yadi isanakwane 3 koloko masana.